Muyeso wa Zipangizo za Mphunzitsi wa Ana Olumala

Munthu ali yense amene wakhalako ku Nkhata Bay adziwa piringupiringu amene amakhala padoko tsiku lofika sitima ya Ilala. Amai osenza mitanga ya usipa, anyamata a mabwato, apaulendo olinga ku Usisya, ku Ruarwe ndi ku Likoma, onse atsikira kunyanja nthawi imodzi, ndipo wocedwa ndiye asowa poika katundu wace. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, inadza kuno zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'caka ca 1951. Amene anaikwera ali pamsana pa amai ao masiku amenewo, lero ali ndi imvi ndi adzukulu. Nanga citsulo cingakhale bwanji pamadzi zaka zoposa 70 osatha ndi dzimbiri? Yankho lace alidziwa ngakhale mwana wa kunyanja: ku Monkey Bay kuli doko lokonzerako masitima, ndipo Ilala ikadwala ipita kumeneko kukaonana ndi amisiri ace.

M'caka comweco ca 1951, ku Watertown m'dziko la America, sukulu ya osaona ya Perkins inatulutsa makina olembera zilembo za Braille, amene anawakonza mmisiri wina dzina lace David Abraham. Makina amenewo anafika kwathu kuno, ndipo kufikira lero ndiwo cipangizo codziwika koposa m'zipinda zophunzitsiramo ana osaona. Cimodzi ca zipinda zotere ciri m'tauni ya Nkhata Bay momwemo, pa sukulu ya Akatolika ya St Maria Goretti. Ndipo ca kumwera, ku Bandawe kupitirira Chintheche, kuli sukulu ya ana osamva ya Sinodi ya Livingstonia.

Ndalemba nkhani iyi pofuna kuyesa zipangizo zimene aphunzitsi a m'malo otere apatsidwa, zakale ndi zatsopano zomwe, pakuti masiku ano otamanda makompyuta ndi matabuleti aculuka, koma oziyesa ndi owerengeka. Muyeso wanga uli ndi mafunso awiri okha. Loyamba ndi ili: kodi cipangizoci cimlola mwana kulemba kapena kunena za mumtima mwace, mphunzitsi nazimva? Laciwiri ndilo limene sitima yatiphunzitsa: cipangizoci cikadwala, doko lace lokonzerako liri kuti?

Asanene wina kuti iyi ndi nkhani ya anthu owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a zaka 5 kapena kuposapo, 10 ali ndi cilema ca mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la iwowa ndi obvutika kuona. Lungalunga nkubadwa, cilema cicita kudza. Mwana amene lero alikusambira pa Chikale, mawa malungo a m'bongo kapena cikuku zingamsiye wosamva kapena wosaona. Ndiponso nchitoyi si yacilendo pakati pathu. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mai Issie Hofmeyr wa Mishoni ya Dutch anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905. Kuno kwathu sukulu za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zinayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Abale a Cikatolika anayamba kusula aphunzitsi a nchitoyi ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Malamulo nao sitiwasowa: lamulo la anthu olumala la 2012 linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, ndipo onse awiri anena kuti mwana wolumala ali ndi ufulu wa maphunziro. Koma lamulo sililowa m'kalasi. Wolowamo ndi mphunzitsi, pamodzi ndi cimene ciri m'manja mwace.

Kuti tiyese bwino, tiyenera kuyamba tadziwa mayendedwe a nchitoyo. Mwana wosaona pa sukulu yonga ya ku Nkhata Bay sakhala m'kalasi ya yekha tsiku lonse. Aphunzira pamodzi ndi anzace openya, ndipo mphunzitsi wa kalasi, amene kawirikawiri sadziwa Braille, alemba pabolodi ndi coko monga mwa masiku onse. Pambali pali cipinda ca zipangizo, m'mene mukhala mphunzitsi waluso wophunzira ku Montfort. Iyeyu ndiye mlatho wa pakati pa mwana ndi kalasi. M'mawa asandutsa nchito ya pabolodi kukhala timadontho. Masana atenga mapepala a mwana, nalemba ndi inki pamwamba pa mzere uli wonse wa timadonthoto, kuti mphunzitsi wa kalasi athe kuwerenga ndi kuconga. Tsono tiyerekeze kuti ana otere alipo 20, omwazika m'makalasi 8, phunziro liri lonse ndi nchito yace: zonsezo ziyenera kuoloka pa mlatho umodzi womwewo, ndipo mlathowo uli ndi zala 10 zokha. Pa mayeso a Boma bungwe la MANEB likonza mapepala a Braille ndi a zilembo zazikulu, koma mwana sangayankhe bwino tsiku limenelo ngati caka conse sanazolowere kulemba yekha ndi kubwezeredwa nchito yace yocongedwa. Cipangizo cabwino ndi cimene cipeputsa katundu wa pa mlathowo.

Tiyambe ndi zilembo zenizenizo. Louis Braille anabadwa mu 1809 m'mudzi wa Coupvray ku France, ndipo atate wace anali mmisiri wa zikopa. Ali ndi zaka 3 anadzilasa m'diso ndi kacitsulo koboolera zikopa, nthenda inalowa ndi m'diso linalo, ndipo maso onse awiri anafa. Pofika 1824, ali mnyamata wa zaka 15, anali atakonza zilembo zace: timadontho 6 totukuka, toikidwa m'mizere iwiri yoimirira, timene tisinthika m'njira 63, ndipo cilembo ciri conse cikwana pansi pa nsonga ya cala cimodzi. Cimene ndifuna kuti owerenga acisunge ndi ici: akulu a sukulu, amene anali openya, anacedwa kulandira zilembozo, pakuti iwo anakonda zilembo wamba zotukuka zimene maso ao anatha kuwerenga, ngakhale zala za ana zinabvutika nazo. Braille anamwalira mu 1852, ndipo zilembo zace zinabvomerezedwa kwao patapita zaka 2. Nthenda imeneyi, yosankhira wolumala cipangizo cokondweretsa maso a wosalumala, sinafe pamodzi ndi akulu aja, ndipo tidzakomana nayonso m'nkhani yino.

Colembera coyamba ca Braille ndico sileti ndi kacitsulo kace. Pepala lipanidwa pakati pa timbale tiwiri topyapyala ta citsulo kapena ta pulasitiki, ndipo mwana aboola kadontho kamodzikamodzi m'timazenera. Popeza aboola kumbuyo kwa pepala, ayamba ku dzanja lamanja kulinga kumanzere. Akafuna kuwerenga cimene walemba, ayenera kutulutsa pepalalo ndi kulitembenuza. Kwa mwana wa Sitandade 1 nchito imeneyi njowawa, sindibisa iai. Komatu pa mafunso anga awiri sileti ipambana popanda mlandu. Mwana alemba nayo za iye mwini, ilowa m'thumba la malaya, siifuna batire, ikagwa pansi aitola napitiriza, kacitsulo kakataika, msomali wonoledwa bwino ndi kamtengo kogwirira zikwanira. Ndimva cisoni poona kuti ambiri aiyesa cinthu cacikale cosayenera kutaya naco nthawi, pakuti aiwala kuti mwana akatsiriza maphunziro, makina a sukulu atsala pa sukulu. Amene sanazolowere sileti abwerera kumudzi wodziwa kuwerenga koma wopanda colembera, wosatha kusunga ngakhale dzina la munthu amene watenga nsomba zace pangongole.

Makina a Perkins anacotsa bvuto lotembenuza lija. Ali ndi mabatani 6 a timadontho, batani liri lonse kadontho kace, ndipo mwana akanikiza pamodzi amene afunika, cilembo conse nicituluka nthawi imodzi pamwamba pa pepala, pamene cala cingacikhudze pomwepo. Liwiro lace liposa la sileti kutali, ndipo pa masamu ndi abwino ndithu, popeza mwana angathe kukweza ndi kutsitsa pepala, nandandalika manambala monga acita anzace m'kope. Safuna magetsi. Ngakhale phokoso lace, limene aphunzitsi ena adandaula nalo, ine ndiliwerengera ku zabwino, pakuti mphunzitsi amva ndi makutu ngati mwana alikulemba kapena waleka. Koma makinawa alemera pafupifupi makilogalamu 5, mtengo wace ngwaukulu, ndipo m'kati mwace muli timasipuling'i ndi tizitsulo mazanamazana. Tsono Nkhata Bay ndi dziko la mvula yambiri ndi cinyezi ca kunyanja, kumene ngakhale loko wa pakhomo acita dzimbiri. Makina otere afuna kutsegulidwa, kupukutidwa ndi kudzozedwa mafuta nthawi ndi nthawi. Akapanda kutero batani lina liyamba kukakamira, ndipo batani limodzi likafa, zilembo zonse zofuna kadontho kameneko zisanduka zilembo zina. Mwana alemba coona, pepala linena bodza.

Caka cina ndinaceza pa sukulu ina, kutali ndi kunyanja kuno, imene sindidzaichula dzina. Mphunzitsi wa m'cipinda ca zipangizo, mai wacikulire, ananditsegulira kabati. Munali makina a Perkins osanjikizana, ena akali ndi zikwangwani za mabungwe amene anawapereka, onse osagwira nchito. Amoyo anali awiri okha, ndipo ana anali kulandirana. Ndinafunsa kuti, “Nanga awa anatani, amai?” Iwo anati, “Ambiri sanafe imfa yeniyeni, bambo, angokomoka. Koma wowadzutsa ali kuti?” Anandiuzanso kuti alendo akabwera, copempha capafupi ndico makina atsopano, popeza mlendo akondwera kupereka cinthu conyezimira koposa kulipira ulendo wa mmisiri. Cifukwa cace ndiyamikira njira imene linayamba nayo bungwe la Kilimanjaro Blind Trust, logwira nchito m'maiko a kum'mawa kwa Africa ndi ku Malawi, pakuti linaika mtima pa kudzutsa makina okomokawo ndi kuphunzitsa owakonza. Nchito yotere siioneka bwino pa cithunzi, koma makina amodzi odzutsidwa alembera ana a zaka zambiri.

Makina opanda pepala ali ngati bwato lopanda nkhafi. Pepala la Braille nlokhuthala, pakuti pa pepala la m'kope timadontho tifafanizika msanga. Silipezeka m'masitolo a pamsika. Ndipo m'nyengo ya dzinja likamwa cinyezi, timadontho tifewa ndi kuphwa pansi pa zala za ana. Ciswe naco sicisankha. Mabuku ndiwo bvuto lina. Buku limodzi la openya lisanduka mabuku angapo akuluakulu; Baibulo la Cingerezi m'zilembo za Braille lidzaza mabuku pafupifupi 40. Malo odziwika osindikizirako mabuku a sukulu a Braille ali ku Montfort, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kucokera ku Nkhata Bay, ndipo maphunziro akasinthidwa, buku la openya ndilo liyamba kutuluka, la osaona lidza m'mbuyo. M'miyezi yodikirayo buku la mwana likhala pakamwa pa mnzace womwerengera, ndi m'zala zotopa za mphunzitsi waluso uja.

Apa ndipo kacipangizo katsopano kochedwa Orbit Reader 20 kayenera kutamandidwa. Kukula kwace kali ngati kabuku, ndipo kali ndi mzere umodzi wa malo 20 a zilembo, m'mene timisomali tikwera ndi kutsika tokha; mwana akatsiriza mzere akanikiza batani, mzere wina nubwera. M'kakhadi kace kakang'ono mulowa mabuku amene papepala akadadzaza cipinda. Mwana alembamonso. Ndipo cacikulu koposa, zimene walemba zingaoneke m'zilembo wamba pa foni kapena pa kompyuta, cotero mphunzitsi wa kalasi awerenga yekha osadikira mlatho uja. Pa funso langa loyamba sindidziwa cipangizo cina cofika pamenepa. Koma mzere umodzi sungaonetse mapu a nyanja, kapena samu yocotsera yokhala ndi manambala pamwamba ndi pansi. Kafuna kuchajidwa, pfumbi likalowa timisomali tikakamira, ndipo wokatsegula ayenera kukhala wophunzitsidwa. Komanso kakhadi kopanda mabuku nkacabe. Mu 2017 dziko la Malawi linalowa m'pangano la ku Marrakesh la 2013, limene lilola kusandutsa mabuku osindikizidwa kuti osaona awerenge popanda kuyamba kupempha mwini buku. Cilolezo tsono ciripo. Cotsala ncakuti wosindikiza buku la sukulu apereke mau ace a m'kompyuta tsiku lomwelo limene buku lituluka, ndipo ici Unduna wa Maphunziro ungathe kucilemba m'pangano liri lonse logulira mabuku, osaonongapo ndalama.

Makina olankhula ndiwo amene akopa alendo koposa. Mwana wosaona akakhala pa kompyuta, mau nkumamwerengera zonse ziri pa galasi, oonerera aomba m'manja. Sindinyoza iai. Pulogalamu ya NVDA, imene Michael Curran wa ku Australia anaiyamba mu 2006 nathandizana ndi James Teh, onse awiri osaona, ipezeka kwaulere, ndipo yatsegulira osaona ambiri khomo la nchito za m'maofesi. Mafoni a masiku ano nao alankhula. Wophunzira wa ku sekondale ayenera kuzidziwa zimenezi. Koma mwana wamng'ono amene angomva mau sadziwa kuti liu lilembedwa bwanji, mpumiro uikidwa pati, ndime iyamba pati. Tikampatsa mau m'malo mwa zilembo, tamcitira cimene sitingalole kuti cicitikire mwana wopenya, ndico kumlanda kope ndi kumpatsa wailesi. Ndiponso mau amene adza ndi makinawa kawirikawiri ndi a Cingerezi. Akawerenga Cicewa acipotoza ngati mlendo wongotsika kumene m'sitima. Nanga Citonga, cimene mwana wa ku Nkhata Bay anayamwa kwa amace? Mwana ameneyu afika pa sukulu ndi cinenero ca kwao, napeza mabuku a Cicewa ndi a Cingerezi, ndipo makina amene anayenera kumthandiza amuonjezera cisokonezo. Pamenepo womasulira akhala mphunzitsi yemwe uja, amene tinati timpeputse katundu.

Mu 2023 Boma linayamba kugawa matabuleti m'sukulu za pulaimale, m'nchito yochedwa BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aphunzire kuwerenga ndi masamu, ali yense pa liwiro lace, matabuletiwo akuchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Maphunziro a m'menemo anakonzedwa ndi bungwe la onebillion, ndipo anayamba kuyesedwa m'sukulu zina za Malawi mu 2013. Tabuleti iri ndi khalidwe limene mphunzitsi wa ana 100 sangakhale nalo: siitopa kubwereza, ndipo siicititsa mwana manyazi pamaso pa anzace. Kwa mwana wocedwa kugwira zinthu ici ncacikulu. Mu 2018 Nicola Pitchford wa ku Nottingham, pamodzi ndi Elizabeth Kamchedzera wa ku Chancellor College ndi anzao, anafalitsa zimene anapeza poyesa masamu a m'matabuleti pa ana olumala 33 a kuno ku Malawi. Onse anapita patsogolo, ngakhale anatenga nthawi yowirikiza kawiri ya anzao. Koma obvutika kumva ndi kulankhula ndiwo anatsalira koposa. Cifukwa cace ncoonekeratu. Tabuleti ilankhula ndi makutu ndi maso pamodzi: wosamva ataya theka limodzi, wosaona ataya linalo, ndipo zala zace zingopeza galasi losalala lopanda kanthu. Tsono pa nthawi ya matabuleti, mwana wosaona akhala pati, alikucita ciani? Mphunzitsi wamkulu ayenera kuyankha funso limeneli polemba ndandanda ya maphunziro. Akapanda kutero, yankho lace lidzakhala mwana wokhala yekha pakhonde.

Za ana osamva ndinena mwacidule, ngakhale nkhani yao njaitali. Kacipangizo ka m'khutu kathandiza mwana amene ali ndi kumva kotsalira, koma kabatire kace katha m'sabata imodzi kapena ziwiri, kacikombole kolowa m'khutu kacepa mwana akamakula, thukuta ndi cinyezi zikaononga, ndipo kayenera kulinganizidwa ndi katswiri woyesa makutu. Zipatala zochuka za nchito imeneyi ziri ku Lilongwe pa African Bible College, ndi ku Blantyre pa Queen Elizabeth. Kholo la ku Ruarwe, kumene mseu wace ndi nyanja, liwerengere lokha ulendowo.

Cipangizo cacikulu ca mphunzitsi wa osamva anabadwa naco, ndico manja ace. Msonkhano wa ku Milan wa 1880 unagamula kuti ana osamva aphunzitsidwe ndi pakamwa, za manja zilekeke, ndipo cigamulo cimeneco cinayenda m'maiko ambiri zaka pafupifupi 100; sukulu za kwathu nazo zinayamba ndi njira yoyang'ana milomo. Inali nthenda yomwe ija ya m'masiku a Braille. Cifukwa cace buku lomasulira cinenero ca manja ca Malawi, limene bungwe la osamva la MANAD linatulutsa mu 2021, ine ndiliyesa cipangizo coposa makina ali onse amene mphunzitsi wa ku Bandawe angapatsidwe. Cobvuta cace ncakuti cizindikiro ca manja cimayenda, pamene cithunzi ca papepala siciyenda. Pano ndipo foni wamba igwira nchito yeniyeni: munthu wamkulu wosamva ajambulidwa alikupanga zizindikiro, mphunzitsi watsopano naphunzira poonera. Makolo naonso aphunzire, ndithu, pakuti mwana wopita ku chuthi kunyumba kumene palibe wolankhula naye abwerera ku sukulu ali ndi njala ya mau.

Tisaiwale kuti ambiri a ana ochedwa osaona aona pang'ono. Mwa iwo muli ana acialubino. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu otere oposa 134,000. Kumphunzitsa Braille mwana wotha kuwerenga zilembo zazikulu, cifukwa cakuti Braille ndiyo iripo, ndi kumlakwira. Iye afuna mpando wakutsogolo kumene dzuwa silimthobwa m'maso, cipewa, galasi lokuza zilembo, kope la mizere yakuda, colembera cokhuthala, ndi mphunzitsi amene anena mokweza ciri conse cimene alemba pabolodi. Zimenezi nzotsika mtengo, ndipo cifukwa ca kutsika mtengo komweko palibe amene aitana atolankhani pozipereka. Cimodzimodzi zopanga mphunzitsi ndi manja ace, zimene aphunzitsi athu azidziwa ndi dzina lakuti TALULAR: mapu a nyanja ozungulidwa ndi cingwe comata, mcenga wa pa Chikale m'malo mwa madzi, njere ya nyemba pa doko liri lonse. Mwana amene wayenda ndi cala kucokera ku Monkey Bay kufika ku Chilumba waidziwa nyanja yace, ndipo sadzaiwala kuti Likoma ali kum'mawa. Za njinga za olumala ndingonena kuti Nkhata Bay ndi tauni ya zitunda. Njinga yopangidwira simenti ya m'zipatala za ku Ulaya siikhalitsa, ndipo khomo la cimbudzi ca sukulu likacepa, njinga yabwino yomwe ithera panja.

Zonsezi zitifikitsa pa mwambo wathu wopereka mphatso. Tonse tauona: tebulo loyalidwa nsalu, makatoni osanjikidwa, ana aimba, mlendo wolemekezeka agwirana canza ndi mphunzitsi wamkulu, wojambula najambula. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, anatero akulu, ndipo ncoona. Koma sananene kuti adza ndi mwala wonolera. Ine ndikadakhala wolandira mphatso m'dzina la Boma, sindikadasaina pepala ndisanamve kuti mphunzitsi adzaphunzitsidwa ndi yani ndipo masiku angati, kuti pepala ndi mabatire a caka camawa adzagula ndani, kuti cipangizo cikafa cidzatumizidwa kuti, ndi kuti mwana adzagwira ciani pamene cirikukonzedwa. Ndikadafunanso kuti osankha zipangizo afunse eni ace, ndiwo a Malawi Union of the Blind ndi a MANAD, amene anadutsa m'makalasi amenewa ali ana, nadziwa cimene cinawathandiza ndi cimene cinangokhala m'kabati.

Ndipo doko lokonzerako lija siliyenera kukhala ku Nguludi kokha kapena kutsidya kwa nyanja zazikulu. Tayendani pamsika wa Nkhata Bay. Pakhonde pa sitolo mupeza telala alikupalasa makina osokera amene anagula atate wace, ndipo makinawo akaima adziwa mwini wace pomasula. Pafupi naye pali mnyamata wa tebulo lodzala mafoni otsegulatsegula, amene asintha galasi ndi batire inu muli ciimire. Sindikhulupira kuti makina a Perkins angamgonjetse munthu wodziwa matumbo a makina osokera. Cimene cisowa ndi maphunziro a masabata owerengeka, bokosi la zitsulo zosinthira, ndi malipiro odziwika ocokera ku ofesi ya maphunziro. Amisiri awiri otere, mmodzi wa zitsulo ndi mmodzi wa zamagetsi, angathe kuyendera St Maria Goretti, Bandawe ndi ana osaona a ku Ekwendeni kamodzi pa teremu. Ndipo mphunzitsi ali yense wotsiriza maphunziro ku Montfort angatuluke ndi sikuludiraiva ndi kabotolo ka mafuta pamodzi ndi satifiketi yace.